Magolovesi a Dzanja Lamanzere

"Khalirani bwinobwino, achimwene, nthenga ina ikutulukira uko!"

Chencho ananyamula thupi lake lonse n'kulikhazika pakati penipeni pa chivundikiro cha bokosilo. Nthenga yofiira inalowadi, koma nthawi yomweyo ina yobiriwira inasuzumira mbali inayo ngati nkhuku yofuna kuona amene wabwera. Mlongo wake, Yadira, anaikankhira mkati ndi chala, maso ali kuchitseko.

Bokosilo linali la mayi awo, Doña Eulalia, amene anali atagona m'manda masiku anayi. Analipeza kuseri kwa kabati ya zovala pamene ankafuna zithunzi za malemuwo. Munali zokupizira ziwiri zikuluzikulu za nthenga za nthiwatiwa, nsapato zagogoda, zovala zomanga m'chiuno zodzaza mikanda, ndi tinthu tozungulira tamphonje timene Chencho anatitembenuza kawiri n'kufunsa kuti n'ta makatani a chipinda chiti. Yadira atamuuza pomwe timavalidwa, mkuluyo anatiponya ngati tamuotcha n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Pansi pa zonsezo panali magolovesi aatali, opitirira chigongono. Yadira amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ndipo chilichonse chimene wagwira amawerenga. Anawawerenga: makumi anayi ndi atatu, onse a dzanja lamanzere.

"Nanga anzake ali kuti?" anafunsa Chencho.

"Ndidziwa bwanji ine? Tsekani!"

Chitseko chinatseguka, n'kulowa bambo awo, Don Anselmo, atanyamula makapu awiri a khofi. Anaima. Anayang'ana mwana wawo wamwamuna ali pabokosi, ndevu zikunyezimira ndi fumbi lagolide, kenako anayang'ana bokosilo.

"Ndi zokongoletsa za Khirisimasi zimenezo," anatero mofulumira.

"Eya, ababa, eya! Za Khirisimasi," ana awiriwo anayankhira pamodzi.

Bambowo anaika makapu patebulo, anatola tawulo limene linagwera pansi, n'kulipinda patatu monga momwe amapindira chilichonse, poti zaka makumi anayi anazithera m'kashopu kochapa ndi kusita zovala. Atatuluka, Chencho anapukuta misozi ndi mkono, golide n'kufika m'maso.

"Waona? Mpaka amayi anawanamiza kuti ndi za Khirisimasi. Munthu wa Mulungu ameneyu akamva zoona zake, tiikanso maliro ena sabata ino."

Nkhani yake inali iyi. Doña Eulalia ankagulitsa mabatani, ulusi ndi mikanda pamsika wa kwathu kuno ku Iztacalco. Lachisanu lililonse madzulo ankanyamula chikwama n'kunena kuti akupita ku gulu la amayi amene anachira khansa. Bodzalo linali ndi mbali yake yoona, chifukwa khansa anadwaladi, ndipo bere lakumanzere analisiya kuchipatala ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Koma kumene ankapita kunali ku kaholo kena pakati pa mzinda, komwe ankakwera pasiteji ndi dzina loti La Chiltepina, dzina la katsabola kakang'ono kaja koliza amuna akuluakulu. Gule wake amamutcha burlesque. Munthu amatulukira atavala ngati mfumukazi, n'kumavula chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, moseketsa ndi monyada, anthu akuimba malikhweru. Anavina zaka khumi ndi zinayi. Mwayi wake, malinga ndi kuwerengera kwa ana awo, unali wakuti Lachisanu lomwelo Don Anselmo ankapita kukasewera domino, masewero a timatabwa tamadontho, ndi anzawo. Ankaukonda masewerowo kotero kuti chaka china anapita ku mpikisano ku Guadalajara, sabata yomwe akazi awo anapita ku ulendo wamapemphero, ndipo anabwerako ndi chikho chimene chili pamwamba pa wailesi ya kanema.

Yadira anazidziwa zaka ziwiri zapitazo, mnzake wa kuntchito atamuonetsa kanema pafoni, akuseka, osadziwa kuti akuonetsa mwana mayi ake. Tsiku lomwelo anapita kwa makolo ake, anaima pakhomo la khitchini atapinda manja pachifuwa, monga momwe Yadira amaimira paliponse, n'kunena kuti, "Amayi, mukutichititsa manyazi. Ababa akamva adzafa." Mayiwo anayamba kuseka, koma kusekako kunathera pakhosi. Nkhaniyo sanaikambenso. Khansa itabwerera, Yadira anawasambitsa, anawadyetsa, anawatembenuza pabedi miyezi itatu, koma mawu aja sanawabweze. Kutatsala masiku awiri kuti amwalire, mayiwo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mtanda wanga adzanyamule Ninfa. Usadzapatse wina." Yadira analonjeza.

Mtandawo unali pabalaza, wojambulidwa ndi njereza pansi pomwe panakhala bokosi lamaliro, utazunguliridwa ndi makandulo ndi maluwa oyera. Masiku asanu ndi anayi anthu amapemphera kolona pamenepo, ndipo tsiku lomaliza mayi wa mtanda amagwada n'kusesa njerezayo kuti m'mawa mwake ikaikidwe kumanda. Si ntchito yopatsa aliyense wodutsa mumsewu. Ndipo Ninfa ameneyu anali mwini wake wa kaholo kaja.

"Sizitheka," anatero Chencho, amene anangouzidwa zonsezi dzana lake ndipo chakudya chinali chisanayambe kutsika bwino. Dzina lake lenileni ndi Inocencio, amawerenga mawu m'tchalitchi Lamlungu, ndipo mtima wake wonse uli pa udikoni. "Doña Socorro anyamula mitanda khumi ndi umodzi mumsewu muno. Uwu auwerengera kale. Ndiye ife tiwadumphe, tikatenge mayi wovula pagulu?"

"Ndinalonjeza, achimwene."

"Wodwala amalankhula zambiri. Anandipemphanso ndudu ine, ndinawapatsa?"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Ukanakhala mwendo wokha umene ankaonetsa anthu, bwenzi ndili chete."

Anakangana monong'ona mpaka khofi anazizira. Pomaliza anapangana kuti Ninfa abwere, koma abwere ngati mmodzi wa amayi ochira khansa, atavala mpaka m'khosi. Za Doña Socorro aziona Chencho. Chachikulu, bambo awo asamve kanthu.

M'mawa mwake Yadira anakwera sitima yapansi panthaka kupita mumzinda. Kaholoko kanali pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo masana kankanunkha mphira ndi mafuta odzola. Pakhoma la masitepe panali chithunzi chachikulu cha mayi ake, atadziphimba ndi nthenga zofiira, akumwetulira ngati munthu amene wakugwira ukuba shuga. Yadira anakwera masitepe onse akuyang'ana nsapato zake.

Doña Ninfa anali mayi wamtali, wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, watsitsi lofiira ngati njerwa ndi mawu omveka kutsidya kwa msewu. Anali atakhala m'mphepete mwa siteji akusoka katani. Atamuona anaika singano pansi.

"Mwana wa Lala," anatero. "Chibwano n'chomwecho. Khala pansi, mwanangu, ndipo masula manjawo, palibe akulande."

Yadira sanakhale pansi, ndipo manja sanamasule. Anafotokoza za mtanda. Doña Ninfa analira mokweza, anaminira m'katani yomwe ankasokayo, kenako anathira khofi.

"Mayi ako anabwera kuno koyamba kudzatigulitsa mikanda," anatero. "Kunja kukutentha, iwo atavala chijuzi mpaka m'makutu. Anaima pomwe waima iwepo, manja chimodzimodzi. Ndinati, mayi, mikanda tagula, mukudikira chiyani? Akuti ndikungoona. Anangoona choncho miyezi itatu. Gule wawo woyamba anabwera ndi epuloni yeniyeni ya kumsika, tepi yoyezera ili m'khosi. Batani lililonse akamasula ankayamba atatchula mtengo wake. Anthu anaseka mpaka wina anagwa pampando."

"Sindinabwere kudzamva zimenezo," anatero Yadira, n'kuyamba malamulo ake. Zovala zikhale zakuda ndi zotseka paliponse. Milomo asapake. Dzina loti Chiltepina lisatuluke pakamwa pa munthu. "Ndipo kumbukirani kuti bambo anga sadziwa chilichonse."

Khofi anawalowera kolakwika Doña Ninfa. Anatsokomola mpaka Yadira anachita kuwamenya kumsana.

"Anselmo sadziwa?"

"Mumawadziwa?"

"Ine? Ayi. Dzina lokha. Lala ankalitchulatchula." Anapukuta m'maso n'kuyang'ana kudenga ngati munthu wopempha mphamvu. "Banja lanuli, mwanangu, likanakhala sewero, matikiti akanatha tsiku loyamba. Chabwino. Ndibwera ngati sisitere. Ngakhale bishopu adzandipatsa mpando."

Atabwerera kunyumba, Yadira anawapeza bambo ake akusita malaya amene anali ositidwa kale. Anayamba mozungulira, ngati munthu wofuna kugwira nkhuku.

"Ababa, amayi anasankha okha munthu wonyamula mtanda. Ndi mayi wina wa ku gulu lawo lija. Doña Ninfa."

"Ninfa," anatero bambowo, nsimbi ikuyenda. "Sindimudziwa. Wamtali, watsitsi lofiira?"

"Mwadziwa bwanji?"

Nsimbi inaima.

"Anthu a dzina limenelo amakhala aatali."

Yadira anatuluka mtima ukumuwawa. Anaganiza kuti chisoni chayamba kuwasokoneza mutu bambo ake, ndipo analumbira mumtima kuti ngakhale zivute bwanji, munthu wosalakwa ameneyu adzalowa m'manda akukhulupirira za Khirisimasi.

Koma bokosi lija linali litatsegulidwa, ndipo aliyense amene anagwirapo fumbi lonyezimira amadziwa kuti limenelo likalowa m'nyumba lalowa. Ukasesa limakudikira pakhomo. Linayambira pa ndevu za Chencho. Tsiku lachisanu ndi chimodzi la mapemphero linali pa mabanzi, pamphuno ya galu, ndi pachikope cha Doña Socorro, amene ankatsogolera kolona mothamanga ngati akutchula masiteshoni a sitima. Mayiwa anali atauzidwa kale kuti mtanda wapita kwa mlendo, ndipo chiyambire kuuzidwako sanalawe ngakhale khofi wa m'nyumbamo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, ali pakati pa Tikuoneni Maria, anangoti zii. Analoza pansi.

"Taonani mtanda."

Kuwala kwa makandulo kunali kutagunda njereza ija, ndipo mtanda wonse unali waliwali.

"Chozizwitsa!" anakuwa Doña Socorro. "Ndayenda m'maliro zaka makumi atatu, izi sindinazionepo. Mayi ameneyu anali woyera!"

Chencho, munthu woti bodza limamutulutsa thukuta, anatsegula pakamwa, Yadira n'kumuponda chala. Don Anselmo anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka, ndipo ife tonse tinati, taonani mmene akulirira bambo wachisoni.

Mbiri inathamanga. Tsiku lotsatira kunabwera anthu makumi asanu m'malo mwa khumi ndi asanu a masiku onse, ena ochokera misewu yakutali, wina ndi mwendo wotupa woti auike pafupi ndi mtanda. Tamale, zigumu za kwathu kuno, ngakhale anakulungidwa m'makoko a chimanga odzaza thumba, anatha asanafike kukhonde. Amuna ena, pofuna kuwasangulutsa Don Anselmo, anatulutsa domino n'kuwaitana kuti aonetse anyamata mmene katswiri wa ku Guadalajara amasewerera. Bambowo anakana kawiri, kachitatu anakhala pansi, n'kuimika timatabwa tawo madontho atayang'ana kwa anzawo.

"Chisoni n'choopsa," Chencho ananong'oneza mlongo wake. "Chimaiwalitsa munthu ngakhale chimene anawinira chikho."

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lisanalowe, nyumba inali itadzaza mpaka kumsewu. Doña Ninfa anafika ndi anzawo atatu, onse atavala zakuda kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo, nkhope zosapaka. Kayendedwe kokha ndiko kanakana kubisika, ankaponda ngati kwinakwake kukulira ng'oma. Doña Ninfa anali atavalanso magolovesi akuda aatali, poti anauzidwa kuti atseke paliponse. Anakaima pamaso pa Don Anselmo.

"Pepani ndi zovutazi, bambo," anatero mokweza, "inu amene ndikukuonani koyamba lero."

"Zikomo, mayi," anayankha Don Anselmo, maso ali pakhoma. "Inenso sindinakuonenipo chibadwire."

Doña Socorro anawayeza alendowo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kulandidwa mtanda wachikhumi ndi chiwiri kunali kowawa kale, nanji mtanda wochita zozizwitsa. Anatsogolera kolona nsagwada zili gwa, ndipo nthawi itakwana anapereka katsache ndi kabokosi koyera ngati munthu wopereka makiyi a nyumba yake. Amayi anayamba nyimbo yotsanzika, yapang'onopang'ono. Doña Ninfa anagwada, misozi ili chuchuchu.

"Mtanda sanyamula ndi magolovesi, mayi," anatero Doña Socorro. "Kwanuko sanakuphunzitseni? Vulani."

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo Doña Ninfa. Munthu amene wavula magolovesi mwanjira imodzi zaka makumi awiri, mtima uli kwa mnzake wakufa, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, anthu atamuzungulira, simungayembekeze kuti manja ake akumbuke malamulo a Yadira. Anaimirira. Anakweza dzanja, analuma nsonga ya chala chimodzi n'kukoka. Analuma chachiwiri. Pa chachitatu phewa linatsika lokha, ndipo chiuno chinapita kumbali chikutsata nyimbo ya maliro. Golovesi linatsetsereka pamkono ngati njoka ikufundula. Analizunguza kamodzi m'mwamba, akulirabe, n'kuliponya kumbuyo osayang'ana.

Silinafike pansi.

Don Anselmo, amene sabata yonse ankadzuka pampando mochita kuthandizidwa, anali atadumpha kale miyendo ya anthu awiri. Analiwakha m'malere, analikutumula kamodzi, analipinda patatu n'kuliyala pamkono. Kenako anagundanitsa zidendene, anatembenukira kwa anthu, n'kuwerama mwaulemu, dzanja lina lili kumsana. Anzawo a Doña Ninfa atatu aja anaomba m'manja, ndipo mmodzi anaika zala m'kamwa n'kuimba likhweru.

Likhwerulo litatha, Don Anselmo anaweramuka pang'onopang'ono. Anayang'ana golovesi lili pamkono pawo, anayang'ana ana awo, ndipo anaona okha kuti madzi akatayika saoleka.

"Ababa," anatero Chencho ndi kamawu kakang'ono, "mwaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku domino, mwana wanga." Bambowo anausa moyo. "Domino sindimudziwa n'komwe. Munthu akamavula pasiteji pamafunika wina wotola, kuti wobwera pambuyo asaterereke. Wotolayo ndinali ine."

"Zaka zonsezi?"

"Lachisanu lililonse."

"Nanga chikho chija?"

"N'cha mayi ako. Anaposa atsikana makumi awiri. Ine ndinangomatulapo dzina."

"Koma inu, ababa, anthu akuona?"

"Akuona. Ndinkavala katayi kooneka ngati gulugufe." Anakanda m'mutu. "Ndi makutu a mphaka."

"Mphaka wabwino kuposa onse mumzinda uno," anatero Doña Ninfa akupukuta mphuno. "Ena amangokokolola zinthu ngati akusesa pamsika. Awa ngakhale sokosi ankaibweza itapindidwa."

Chencho anakhala pansi, mwatsoka pambale ya mabanzi. Munthu wa mwendo wotupa uja anafunsa woyandikana naye ngati chozizwitsa chikadalipo. Doña Socorro anawerama, anatola kafumbi kamodzi pamtanda, anakayang'ana pachala, anayang'ana ndevu za Chencho, n'kutseka maso. Anali atakumbukira kuti anthu onsewa anawaitana ndi iwo eni.

Yadira sanaseke. Anali ataima pakhomo, manja pachifuwa, nkhope ikutentha.

"Ndiye bwanji osanena? Ife masiku onsewa tikubisa, tikunama, tikuvutika kuti inu musamve!"

"Inenso ndimabisa kuti inu musamve," anatero bambowo. Mawu awo anatsika, koma aliyense anamva. "Mayi ako atachoka kuchipatala ulendo woyamba uja, zaka ziwiri ankavula atazimitsa magetsi. Galasi la kuchipinda analiphimba ndi nsalu. Ngakhale ine sindinkaloledwa kuona. Ndiye tsiku lina ndinawaona ataima pamaso pa anthu zana, mbali ina mphonje, mbali inayo chipsera chonse atachipaka golide, akuseka. Ukanakhala iwe, ukanapita ku domino?" Anasisita golovesi lija. "Tsiku unabwera kukhitchini lija, mayi ako anafuna kukuuza kuti tili awiri. Ndinawaletsa ndine. Ndinati mwanayu atsale ndi kholo limodzi loti asamachite nalo manyazi."

Manyazi amene Yadira anawanyamula zaka ziwiri anamubwerera onse pamenepo, koma tsopano anali a iye mwini. Analakalaka mayi ake akanadzuka mphindi imodzi yokha, ya mawu atatu kapena anayi, ndipo anadziwa kuti mphindi imeneyo kulibe.

Amene anapulumutsa mwambo anali Doña Socorro. Anatsegula maso n'kukonza mpango wawo.

"Kaya n'chozizwitsa, kaya si chozizwitsa, mtanda sugona pansi masiku khumi. Inu mayi, vulani linalo ngati munthu, mugwade. Nyimbo!"

Doña Ninfa anavula lachiwirilo mwachangu ngati akuvula sokosi, anagwada, n'kusesa njereza kuyambira kumutu, m'manja, mpaka kumapazi, mosamala, osasiyako ngakhale pang'ono. Golide yekha ndiye anakana kuchoka m'ming'alu ya simenti, ndipo alipo mpaka lero. Usiku usanathe Doña Socorro anamwa khofi makapu awiri, ndipo ena akuti anawamva akufunsa kuti kaholoko kali msewu uti, kuti azikapewa.

M'mawa mwake, asananyamuke kupita kumanda, Yadira anapeza bambo ake kuchipinda atatsegula bokosi lija. Anali atayala magolovesi pabedi, lililonse lopindidwa patatu. Kabokosi ka njereza kanali patebulo. Panja Chencho ankalimbana ndi galimoto yokana kulira, ndipo ankamveka akufunsa Doña Ninfa, amene analawirira, ngati makutu a mphaka aja anali aakulu kwambiri.

Yadira anaima pakhomo.

"Anzake ali kuti, ababa? A kumanja?"

"Ali m'nyumba za eni ake." Bambowo sanatembenuke. "Mayi ako asanakwere pasiteji ankasuzumira pakatani. Amuna oimba malikhweru analibe nawo ntchito. Ankafuna mayi amene wakhala kumbuyo, wobwera mochita kukokedwa ndi anzake, atapinda manja pachifuwa ngati akubisa kanthu. Sankapezeka Lachisanu lililonse. Koma akamupeza, lakumanzere ankaponyera ine, lakumanja ankaponyera iyeyo. Ankati munthu sangawakhe chinthu manja atapinda."

"Ine ndinawerenga makumi anayi ndi atatu."

"Anaponya makumi anayi ndi awiri."

Anapisa m'thumba lamkati la jekete n'kutulutsa kaphukusi ka pepala lofewa, limene ankakulungira madiresi aukwati kushopu kwawo. Munali golovesi lobiriwira, la dzanja lamanja.

"Ili ndi la tsiku lomaliza kuvina, mwezi wa Meyi. Anali akudziwa kale kuti matenda abwerera. Analivula, analizunguza, n'kuyang'ana mzere uliwonse mpaka kuchitseko. Nyimbo inatha akuyang'anabe. Ndiye anabwera n'kundipatsa pamanja, anthu akuona, n'kunena kuti, 'Sungani, Anselmo, mwini wake wachedwa.'"

Don Anselmo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda kabati. Anakweza golovesilo, analizunguza kamodzi m'mwamba mosadziwa bwino, poti iwo ntchito yawo inali yotola, n'kuliponya.

Linapita mokhota, pafupi kugwera kuseri kwa chitseko. Yadira anamasula manja onse awiri.